Kukhala ndi Ndege Yakoyako: Mafunso ndi Mayankho

Nkhani ya ndege ya munthu payekha ikayambika, ambiri amaganiza za ndege zija za mabwana a makampani akuluakulu, za mipando yachikopa ndi oyendetsa awiri ovala yunifolomu. Pano sitikunena zimenezo. Tikunena kandege ka injini imodzi ndi pulopela kumphuno, ka mipando iwiri kapena inayi, koyendetsa mwini wake akafuna kukaona abale, kukayendera bizinesi kapena kukapuma kunyanja.

Kodi munthu wamba amaloledwa kukhala ndi ndege?

Inde. Sipafunika kukhala msilikali, nduna kapena kampani. Ndegeyo iyenera kulembedwa m'kaundula wa dziko, ikhale ndi chiphaso chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuuluka, ikhale pa inshuwalansi, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi. Zilembo zimene mumaziona pambali pa ndege zimanena kumene inalembedwa: ya ku Malawi imayamba ndi 7Q, ya ku Zambia 9J, ya ku Mozambique C9, ya ku South Africa ZS kapena ZU, ya ku Britain G, ya ku America N. Dziko limene linailembalo ndi lomwe limalamula za kasamalidwe kake komanso amene angaiyendetse. Kuno kwathu nkhanizi zili m'manja mwa Malawi Civil Aviation Authority. Malamulo a mayiko sasiyana kwambiri, chifukwa onse amatsata miyezo ya ICAO, bungwe la mayiko loona za ndege, lomwe likulu lake lili ku Montreal.

Ndege zake zimakhala zotani?

Yodziwika kwambiri ndi Cessna 172. Anayamba kuigulitsa mu 1956, mpaka lero akupangabe, ndipo zapangidwa zoposa 44,000, kuposa ndege ina iliyonse. Ili ndi mipando inayi, mapiko ake ali pamwamba, imayenda pafupifupi makilomita 220 pa ola ndipo imamwa malita 30 mpaka 35 pa ola. Mnzake wopikisana naye ndi Piper Cherokee, ya mapiko apansi. Ofuna kunyamula zambiri amapita ku Cessna 182 kapena 206, ndipo 206 ndiyo mumaiona kawirikawiri ikutula alendo m'mabwalo a fumbi a m'malo osungira nyama. Palinso Cirrus SR22, yothamanga komanso yodula, imene ili ndi parachuti yotsitsa ndege yonse pansi zinthu zikafika poipa.

Kwa ine, woyamba kumene asapitirire 172 kapena Cherokee. Ndi ndege zoleza mtima, amakaniko onse amazidziwa, ndipo zipangizo zake sizivuta kupeza. Mapiko apamwamba ali ndi ubwino winanso kuno kwathu: mumaona pansi bwinobwino, ndipo mukatera pa bwalo lopanda mtengo ndi umodzi womwe, mthunzi mumaupeza pansi pa phiko.

Imagulidwa ndalama zingati?

Cessna 172 yatsopano imaposa madola 400,000 a ku America. Anthu ambiri amagula zakale, za m'zaka za m'ma 1970 kapena 1980, zimene mtengo wake umatsika kwambiri malinga ndi maola a injini ndi zipangizo za m'kati. Musadabwe kumva kuti ndege ya zaka 45 ikuulukabe bwino. Ukalamba wa ndege suwerengedwa ndi zaka zokha koma ndi mmene yasamalidwira, ndipo chilichonse chimene chinachitikapo pa iyo chimalembedwa m'mabuku ake. Mukaigula kunja, onjezani ndalama zoibweretsera, msonkho ndi kuilembetsa kuno.

Nanga ikagulidwa, ndalama zina zimapita kuti?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kugula n'kosavuta poyerekeza ndi kusunga. Ndege ili ngati ng'ombe ya mkaka: imadya ngakhale tsiku limene simunaikame.

Pali ndalama zimene zimatuluka kaya mwauluka kaya ayi. Inshuwalansi, lendi ya shedi yosungiramo ndege, kukonzanso ziphaso, ndiponso kuyendera kwa pachaka, pamene injiniya wovomerezeka amatsegula ndege yonse, kuyang'ana zingwe zowongolera, kuyeza mphamvu ya masilinda, kufufuza dzimbiri m'kati mwa mapiko. Akapeza vuto, ndege siuluka mpaka litakonzedwa, ndipo simungamunyengerere. Simungaitanenso makaniko wa galimoto wa pa kona, ngakhale atakhala katswiri chotani, kapena kugula bawuti ku hadiweya. Chipangizo chilichonse chimabwera ndi pepala lake losonyeza kumene chachokera.

Ndiye pali ndalama za pa ola: mafuta, oyilo, matayala, zolipira potera pa bwalo. Chimene ambiri amaiwala ndi injini. Injini za Lycoming zimene zili mu 172 zambiri zimayembekezeka kuphwasulidwa n'kumangidwanso zikakwana maola pafupifupi 2,000, ndipo ntchito imeneyi imadya madola masauzande makumi angapo. Mwini ndege wanzeru amaika padera kandalama pa ola lililonse limene wauluka, kuti tsikulo lisadzam'peze chimanjamanja.

Zonsezi mitengo yake ili m'madola kapena m'marandi. Kwa munthu amene amapeza ndalama zake m'makwacha, kusowa kwa ndalama zakunja kungaimitse ndege miyezi chifukwa cha kachipangizo kokwana m'thumba la malaya.

Ndiye kuli bwino kubwereka?

Kwa anthu ambiri, inde. Oyendetsa ndege amakonda kunena kuti ngati suuluka maola pafupifupi 100 pachaka, kubwereka kumatsika mtengo kuposa kukhala ndi yako. Ndipo ndege yongokhala imawonongeka: m'kati mwa injini mumachita dzimbiri, batire imafa, mbalame zimamanga zisa pafupi ndi masilinda. Vuto n'lakuti kubwereka kumatheka kumene kuli makalabu ndi masukulu ambiri a ndege, monga ku Johannesburg kapena ku Britain. Kumene kulibe, njira yabwino ndi kusonkherana anthu atatu kapena anayi n'kugula imodzi. Koma lemberanani pangano pa pepala musanatulutse ndalama: ndani amaitenga pa Khirisimasi, ndani alipira wina akaitera moipa, wina akafuna kutuluka zikhala bwanji. Chibale chimatha pa zinthu zimene munachita manyazi kuzikamba poyamba.

Laisensi yake imapezeka bwanji?

Imatchedwa PPL, laisensi ya woyendetsa ndege pa maulendo ake osati a malonda. Muyenera kukhala ndi zaka 17 kapena kuposa, mupimidwe ndi dokotala wovomerezeka ndi a zandege, mukhoze mayeso olemba, kenako mayeso a m'ndege momwemo. Mayeso olemba amakhudza malamulo, nyengo, kupeza njira, kagwiridwe ntchito ka injini ndi mapiko, kulankhula pa wailesi, ndi zimene thupi la munthu limachita likakhala m'mwamba. Maola ochepetsetsa ndi 40 ku America, 45 ku South Africa, koma ambiri amapitirira pamenepo, makamaka ophunzira modumphadumpha. Ngati mungathe, sungani ndalama zonse kaye, kenako muphunzire mondondoza kawiri kapena katatu pa sabata. Mukamadikira malipiro a mwezi kuti muuluke ola limodzi, theka la olalo limathera kukumbukira za mwezi watha.

Anthu ambiri a m'chigawo chino amakaphunzira ku South Africa, pa mabwalo monga Lanseria, Wonderboom, Rand ndi Grand Central. Dziwani kuti laisensi ya dziko lina siigwira yokha pa ndege ya 7Q. Iyenera kuvomerezedwa kapena kusinthidwa ndi a kuno. Chingerezi chimafunikanso, chifukwa ndicho chimalankhulidwa pa wailesi.

Tsiku limene wophunzira aliyense saliiwala ndi lija mphunzitsi amatsika, n'kutseka chitseko, n'kunena kuti zungulirani kamodzi nokha. Ndege imanyamuka msanga chifukwa yapepuka, ndipo mpando wakumanja uli wopanda munthu.

Ndimavala magalasi. Kodi ndalephera kale?

Ayi. Oyendetsa ndege ambirimbiri amavala magalasi. Zimene dokotala amaziyang'anitsitsa ndi mtima, BP, shuga, khunyu, makutu ndi mankhwala amene mumamwa. Kapimitseni musanalipire sukulu.

Kodi munthu amafikadi msanga?

Zimatengera kumene mukupita. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre pa msewu ndi makilomita oposa 300, maola anayi kapena asanu. Pa 172 ndi ola limodzi ndi mphindi pang'ono. Koma werengani zonse. Bwalo la Kamuzu lili ku Lumbadzi, kunja kwa mzinda, Chileka nayenso ali kunja kwa Blantyre. Onjezani kufunsa za nyengo, kupereka ndondomeko ya ulendo, kuyendera ndege, kuthira mafuta, kenako kupeza galimoto kumene mwatera. Phindu limachepa.

Kumene ndege imaonetsa mphamvu yake ndi kumalo kumene msewu kulibe kapena ndi wozunza. Ku Likoma, kumene ena amadikira tsiku la Ilala, kandege kamafika pa ola limodzi kuchoka ku Lilongwe. Ku Chelinda pa Nyika, ku Karonga, ku Mfuwe kutsidya kwa malire, chimodzimodzi. Ndipo pali china chimene sichiwerengeka ndi wotchi. Kuchoka ku Lumbadzi m'mawa kunja kutayera, mapiri a Dowa n'kutsalira kumbuyo, nthaka n'kutsetsereka mwadzidzidzi, nyanja n'kutseguka kutsogolo kwanu, mabwato a asodzi akubwerera kumtunda m'munsimo: ambiri amene ali ndi ndege, mukawafunsitsa, chifukwa chawo chenicheni ndi chimenechi.

Ku Johannesburg, makilomita pafupifupi 1,500, kwerani ndege yaikulu ngati muli pa changu. Pa kandege ndi ulendo wa tsiku lathunthu, woima panjira.

Mipando ndi inayi. Ndinganyamule anthu anayi ndi katundu?

Kawirikawiri ayi, ndipo apa m'pofunika kulimba mtima. Cessna 172 imanyamula pafupifupi makilogalamu 400, kuphatikiza mafuta. Mukadzaza matanki, malita 200, mwachotsa kale makilogalamu pafupifupi 145. Otsalawo ndi a akuluakulu atatu opanda zikwama. Mukafuna wachinayi, mafuta achepe, ndiye kuti ulendo ufupike. Kumene katundu waikidwa kulinso ndi kanthu: zolemera zikachuluka kumbuyo, ndege imavuta kuwongola.

Tikapita kumudzi sitibwerako chimanjamanja. Amayi amafuna mutenge thumba la mpunga, malume abweretsa nsomba zouma, wina akupempha kuti mwana wake akwere nawo popeza mpando ulipo. Pa galimoto mumangopanikiza. Pa ndege mumakana, mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo. Yendani ndi sikelo, ndipo musachite manyazi kufunsa munthu wamkulu kulemera kwake.

Kutentha ndi kukwera kwa malo kumaonjezera vutoli. Mpweya ukatentha umapepuka, injini imachepa mphamvu, mapiko sagwira bwino. Bwalo la Kamuzu lili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo Nyika imapitirira mamita 2,000. Ndege imene inanyamuka mosavuta m'mawa wa mu June ingathe kuthamanga mtunda wautali osadzuka masana a mu October, pa bwalo lomwelo, ndi anthu omwewo.

Bwanji oyendetsa tindege timeneti amangokhalira kukamba za nyengo?

Chifukwa nyengo ndiyo imalamula, osati mwini ndege. Laisensi ya PPL payokha imakulolani kuuluka pokhapokha mukuona pansi ndi kutsogolo, kutali ndi mitambo. Kuti muloledwe kulowa m'mitambo pamafunika maphunziro ena apadera oyendetsa poyang'ana zida zokha, ndiponso ndege yokhala ndi zida zoyenera.

Anthu samvetsa kuopsa kwa mtambo chifukwa ukauona uli pansi umaoneka wofewa. Munthu akalowamo, maso amasowa pogwira, ndipo makutu a m'kati, amene amatiuza ngati taima chilili, amayamba kunama. Ndege imatha kupendekeka n'kumatsika mozungulira woyendetsa akumva ngati zonse zili bwino. Kwa wosaphunzira zida, zimenezi zimachitika m'mphindi zochepa. Ndi zimene ofufuza anapeza pa ngozi ya John F. Kennedy Jr. mu July 1999: ankayendetsa yekha Piper Saratoga yake usiku pamwamba pa nyanja, kunja kuli chifunga, akupita ku chilumba cha Martha's Vineyard ku America, ndipo anafa pamodzi ndi mkazi wake ndi mlamu wake.

Ife sitifunika kupita kutali kuti timvetse. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa tsiku la nyengo yoipa, n'kupha Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Inali ndege ya injini ziwiri, yaikulu kuposa zimene tikukamba pano. Mapiri a Viphya akaphimbidwa ndi nkhungu, wa kandege alibe chochita kumeneko.

Nyengo iliyonse ili ndi zake. Kuyambira November mpaka April mitambo ya mabingu imakula masana, ndipo mphepo ya m'kati mwake ingathyole ndege. N'chifukwa chake maulendo amayambika m'bandakucha kuti pofika 11 koloko mukhale mutatera. M'miyezi yozizira chiperoni chimabweretsa mitambo yotsika ndi mvula yowaza ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, mwina masiku angapo osalekeza, pamene mwera ukuvutitsa otera m'mbali mwa nyanja. Mu September ndi October utsi wa moto wa tchire umaphimba dziko moti mapiri amaonekera pafupi. Ndipo kuno mdima suchedwa: dzuwa likalowa cha m'ma 6 koloko, pakapita kanthawi kochepa kwada, pamene mabwalo ang'onoang'ono alibe magetsi.

Chovuta kwambiri si kuwerenga nyengo koma kuimvera. Tsiku limene mukufunitsitsa kupita ndi lomwe maganizo anu amakunamizani. Kwagwa maliro, mwambo uyamba 2 koloko, abale akuimba foni kuti mwafika pati, amene mwawalonjeza kuwanyamula aima kale pambali pa ndege atavala zakuda. Mitambo ili pa phiri, koma mtima ukuti mwina kutsogoloko kwayera. Pa ulendo umene simungauphonye, nyamukani dzulo lake, kapena konzekerani galimoto. Ndimauza aliyense wofuna kugula ndege kuti ayambe wadzifunsa ngati angathe kuyang'ana apongozi ake m'maso n'kunena kuti lero sitipita. Ngati sangathe, ndalamazo agulire zina.

Injini ikazima m'mwamba, ndiye kuti basi?

Ayi. Ndege siigwa ngati mwala. Mapiko amagwirabe ntchito. Cessna 172 yozima injini imatha kuyandama mtunda wa makilomita pafupifupi 9 pa mamita 1,000 aliwonse amene yatsika, ndipo imatera pa liwiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola. Wophunzira amayeserera zimenezi kambirimbiri: mphunzitsi amachepetsa injini mosachenjeza n'kufunsa kuti titera pati. M'kupita kwa nthawi maso amazolowera kusakasaka dambo louma, munda wolimidwa kapena msewu wopanda mawaya, ngakhale zonse zili bwino. Injinizi zili ndi maginito awiri (zida zopanga moto wa mapulagi) odziyimira paokha ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, choncho batire itafa injini siizima. Ndipo nthawi zambiri injini ikazima, chifukwa chake ndi mafuta: atha, alowa madzi, kapena woyendetsa wasankha thanki yopanda kanthu.

Pamwamba pa nyanja kapena mapiri nkhani ndi ina. Kwerani m'mwamba ndithu, ndipo popita ku Likoma valani majekete oyandamitsa musananyamuke.

Kunena zoona, kodi n'zotetezeka?

Sizifika pa ndege zikuluzikulu, ndipo amene angakuuzeni kuti zimafanana akukunamizani. Ndege zikuluzikulu zili ndi oyendetsa awiri, injini ziwiri, ndi anthu ambiri pansi oyang'anira ulendo uliwonse. Mu kandege zonsezo ndi inu nokha. Koma ofufuza ngozi amapeza mobwerezabwereza kuti zambiri zimachokera kwa woyendetsa, osati makina: kulowa m'nyengo yoipa, kutha mafuta, kulemetsa ndege, kuuluka motsika pofuna kudzionetsa pamwamba pa mudzi wakwanu. Zonsezi n'zopeweka. Lamulo limafuna mafuta otsala a mphindi 30 masana. Ambiri amasiya a ola lathunthu. Limafunanso kuti musananyamule anthu mukhale mutanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo, ndipo mowa ukhale kutali maola osachepera 8. Zikakuvutani m'mwamba, lankhulani pa wailesi msanga, 121.5 ndi nambala ya pangozi dziko lonse lapansi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Imamwa petulo wa pa filing'i siteshoni?

Zambiri zimamwa avgas 100LL, mafuta apadera a mtundu wa buluu, odula kuposa petulo. Sapezeka pa bwalo lililonse, choncho imbani foni musananyamuke, ndipo muwerengere mafuta obwerera. Ndege zina zazing'ono za injini ya Rotax zimalola petulo wabwino wa galimoto, ndipo zina monga Diamond za injini ya dizilo zimamwa Jet A-1, mafuta a ndege zikuluzikulu, amene amapezeka mosavuta m'mabwalo akuluakulu. Kwa munthu wa m'chigawo chino, zimenezi n'zofunika kuziganizira posankha ndege.

Musananyamuke, mumatapa mafuta pang'ono pansi pa phiko lililonse m'kabotolo koonekera m'kati, n'kukakweza kudzuwa. Akakhala abuluu okhaokha, zili bwino. Mukaona timadontho toyera tagona pansi pake, ndi madzi, ndipo mumatapabe mpaka atatha. Kenako suzumirani kachubu koyezera liwiro kamene kali pansi pa phiko. Mavu aja omanga ndi dothi amakakonda kwambiri, ndipo amatha kukatseka tsiku limodzi lokha.

Ndingatere pa bwalo la mpira kwathu?

Ayi. Mumatera pa bwalo la ndege lodziwika, ndipo ngati ndi la munthu kapena kampani, mupemphe chilolezo. Pa mabwalo a fumbi funsani amene ali pomwepo ngati kwagwa mvula, ngati udzu wadulidwa, ngati chiswe sichinamange chulu. Mukafika, dutsani kaye pamwamba pake muone mbuzi, njinga ndi ana. Mukatera, zimitsani injini msanga. Pulopela ikamazungulira siioneka, ndipo ana amathamangira ndege.

Nanga kudutsa malire?

N'zotheka, koma pamafunika mapepala. Mumapereka ndondomeko ya ulendo, mumatulukira ndi kulowera pa bwalo lokhala ndi a Immigration ndi a kasitomu, ndipo mayiko ambiri a kuno amafuna chilolezo chodutsa kapena chotera chopemphedwa masiku angapo ulendo usanafike. Onaninso ngati inshuwalansi yanu ikufika kudziko limenelo.

Ndingamanyamule anthu n'kumalipiritsa kuti ndipezeko ya mafuta?

Ayi. PPL si ya malonda. Kunyamula anthu kapena katundu pofuna phindu kumafuna laisensi ya malonda yotchedwa CPL ndi chiphaso cha kampani ya ndege. Mayiko ena amalola kugawana mtengo wa ulendo ndi anzanu amene mukupita nawo limodzi, koma funsani kaye malamulo a kwanuko. Mukachita matola ngozi n'kuchitika, a inshuwalansi sadzalipira.

Ndisanagule ndiyang'ane chiyani?

Mabuku poyamba, penti pomaliza. Mabuku a ndege, a injini ndi a pulopela akhale athunthu kuyambira tsiku limene inatuluka m'fakitale. Pakasowa zaka zina, mtengo utsike kwambiri kapena muisiye. Funsani maola a injini, komanso kuti yauluka kangati m'zaka ziwiri zapitazi, chifukwa injini ya maola ochepa imene yangokhala ingakhale yoipa kuposa ya maola ambiri yoyenda sabata iliyonse. Ndege imene yakhalitsa m'mbali mwa nyanja ya mchere ifufuzidwe dzimbiri mosamala. Lembani injiniya wanuwanu, osati wa wogulitsa, kuti aiyendere musanalipire. Ndipo mudziwiretu amene azidzaikonza kuno ndi kumene izidzagona.

Ndiyambire pati?

Musayambe ndi kugula. Pitani ku sukulu kapena kalabu ya ndege mukapemphe ulendo woyeserera wa theka la ola kapena ola limodzi, umene mphunzitsi amakupatsani chiwongolero m'manja. Pitani m'mawa, mpweya usanayambe kuwinduka ndi kutentha, ndipo mudyeko pang'ono. Mukatsika mukufunabe, kaonaneni ndi dokotala wa zandege, kenako mufunse sukulu ziwiri kapena zitatu mtengo wonse wa PPL, wophatikiza mabuku, mayeso ndi zolipira potera, osati wa pa ola wokha. Tengani akunyumba kwanu pa ulendo wina wotere musanapite patali ndi maphunziro, chifukwa ndi amene adzakhale pa mpando wakumanjawo.